Kwa Mwana Wanga Amene Akupita Kukaphunzira Ntchito Yosamalira Anthu

Milange, Zambezia

Mwana wanga wokondedwa,

Popeza pa tsiku lotsanzikana pakhomo pamadzaza anthu, azakhali ako akulira, atsibweni ako akulangiza, mayi ako akumanga ndi kumasulanso katundu, kotero kuti mawu a bambo amangomira m'phokoso, ndaona kuti nkwabwino ndikulembere zimene zili kumtima kwanga, kuti ukaziwerenge mofatsa pa ulendo wautaliwo, utadutsa Mocuba ndi Nicoadala, utaoloka Zambezi pa mlatho wa ku Caia, chilankhulo cha kwanu chitayamba kusowa m'makutu mwako. Tonse tili okondwa kuti dzina lako latuluka pa Yunivesite ya Eduardo Mondlane ku Maputo, ndi kuti m'zaka 4 zikudzazi udzaphunzira ntchito yosamalira anthu ovutika, imene m'Chipwitikizi amati Serviço Social. Agogo ako okha ndiwo sanakhutire, pakuti atamva za maphunzirowa anandifunsa kuti: kodi chifundo nachonso chayamba kuphunziridwa kusukulu, kuti mwana achite kupita kutali chotere kukatenga chimene amake akanamphunzitsa pamtondo? Ndinawaseka pamaso pa anthu, koma funso lawo silopusa, ndipo ndilo landikhazika pansi kulemba kalata ino.

Sukulu imene ukupitayo ili ndi dzina la munthu amene anayambira pa njira yomweyi. Eduardo Mondlane, asanakhale mtsogoleri woyamba wa Frelimo, analowa m'chaka cha 1948 pa sukulu ya Jan Hofmeyr ku Johannesburg, imene inkaphunzitsa anthu akuda ntchito yosamalira anthu, sukulu yomwenso anaphunzirapo Joshua Nkomo wa ku Zimbabwe ndi Winnie Mandela. Tsono wina akadzakunyoza kuti wasankha maphunziro a anthu olephera udokotala, usadzatsutsane naye. Ungodziwa mumtima mwako kuti anthu amene analowa m'nyumba za osauka ndi maso otseguka anatulukamo akufunsa chifukwa chake umphawi umakonda makomo ena, nulambalala ena.

Koma yankho lenileni la funso la agogo ako ndinalipeza kale, ndili mnyamata. M'chaka cha 1986, pamene nkhondo ya pakati pa Frelimo ndi Renamo inafika pa boma lino la Milange, tinasiya nyumba, minda ndi manda a makolo athu, tinaoloka kupita ku Muloza, m'boma la Mulanje, ndipo tinakhala m'gulu la anthu oposa 1 miliyoni a dziko lino amene Malawi anawasunga kufikira mtendere utasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992. Kumeneko ndi kumene ndinadziwira kuti moyo wa munthu wosauka umapachikika pa cholembera cha munthu wina. Amene dzina lake linalembedwa m'kaundula ankalandira ufa, nyemba, mafuta ndi bulangete. Amene dzina lake linalumphidwa, kapena linalembedwa molakwa, ankabwerera kumsasa chimanjamanja, ngakhale njala yake inali yofanana ndi ya anzake. Ndimakumbukira alembi awiri. Wina anali wachifundo ndithu, misozi ili pafupi, wolonjeza aliyense kuti mawa zonse zikonzeka, koma mapepala ake anali osokonekera, ndipo nkhalamba ina ya kwathu inakhala nthawi yaitali ikudya za anansi chifukwa iye anaiika pansi pa banja la eni. Mnzake anali mayi wosaseka, wofunsa mafunso ambiri mpaka kutopetsa, wofuna kudziwa dzina la mudzi, la mfumu, la mtsinje wapafupi, la amalume a mwana aliyense amene anafika wopanda kholo. Ndipo pamene ntchito yofunafuna abale a ana osokera inakula, kuyambira 1988, zithunzi za ana zikumatidwa m'misika, m'matchalitchi ndi m'misasa, ana olembedwa ndi mayi ameneyu ndiwo amene abale awo ankapezeka msanga. Kufikira lero sindikayika kuti mwa awiriwo amene anatikonda koposa anali uti.

Ichi ndicho ukupitira ku Maputo. Mtima uli nawo kale, ndipo ndikuyamika Mulungu chifukwa cha iwo, koma mtima wopanda luso umavulaza anthu omwe ukuwalirirawo. Chotero usapeputse phunziro lililonse, ngakhale louma chotani. Adzakuphunzitsa za kakhalidwe ka magulu a anthu, za kakulidwe ka maganizo a mwana, za malamulo, za ndondomeko za boma, za kafufuzidwe ka nkhani ndi kawerengedwe ka ziwerengero, ndipo ndikudziwa kuti masamu sunawakonde chiyambire. Komatu lipoti limene Graça Machel anapereka ku United Nations mu 1996, lonena za masautso a ana pa nkhondo, linamveka m'maiko onse chifukwa umboni wake unasonkhanitsidwa mwadongosolo, wina ndi wina, kufikira palibe akanaukana. Ikadzafika nthawi yakuti akutumize kukaphunzira ntchito pamalo pake, kaya kuchipatala, kaya kundende, kaya kunyumba yolerera ana amasiye, ukadzichepetse pamaso pa amene udzawapeze, ngakhale sukulu yawo ili yochepa poyerekeza ndi yako, pakuti safunsa anadya phula.

Malamulo uwadziwe bwino lomwe, mutu ndi ndime, kuti pamene udzaimirira pamaso pa wapolisi, pamaso pa mfumu, kapena pamaso pa mwamuna wachuma amene anazolowera kuti anthu amuope, mawu ako asadzanjenjemere. Lilipo lamulo nambala 7 la 2008 loteteza ufulu wa ana. Lilipo nambala 29 la 2009 lolanga nkhanza za m'banja zochitira amayi. Lilipo nambala 19 la 2019 loletsa kukwatitsa mwana amene sanakwanitse zaka 18, ndipo limalanga wokwatirayo pamodzi ndi omupereka mwanayo. Koma iwe ndiwe mwana wa m'malire, ndipo ukudziwa zimene aphunzitsi ako ena a ku Maputo sanaziwonepo: kuti kuno munthu amalima ku Mozambique nakagulitsa ku Limbuli, amabadwira kuchipatala cha tsidya lija nabatizidwa tsidya lino, ali ndi makwacha m'thumba limodzi ndi mametikali m'thumba lina, ndi kuti mlandu ukatentha tsidya lino, mtsikana amangokwezedwa pa njinga usiku, m'mawa kukacha ali kwa azakhali ake ku Malawi, kumene kalata ya ofesi yako ilibe mphamvu. Nchifukwa chake ndikukupempha kuti, ngakhale sizidzafunsidwa pa mayeso, uwerengenso malamulo a anansi athuwa, amene mu 2017 anakonza malamulo awo aakulu kuti ukwati uziyambira pa zaka 18, ndipo udziwane ndi anzako a ntchito yomweyi a ku Mulanje ndi ku Phalombe. Mwana wopanda chiphaso cha kubadwa, amene dziko lililonse mwa awiriwa likumuyesa wa linzake, adzapulumuka pokhapokha alembi a mbali zonse ziwiri akamalankhulana.

Pano ndifuna ndichedwepo pang'ono, chifukwa mpamene ophunzira ambiri amapunthwa. Udzabwera ndi lamulo m'manja, ndipo udzapeza mayi wamasiye amene wapereka mwana wake wa zaka 14 kwa wogula chimanga ndi nandolo. Mtima wako udzapsa, ndipo uyenera kupsa. Koma usanatsegule buku, khala pamphasa, ulandire madzi akumwa, ufunse za maliro amene anachitika pakhomopo, uyang'ane m'nkhokwe. Kawirikawiri udzapeza kuti mayiyo sadana ndi mwana wake, koma kuti nandolo anatsika mtengo, ngongole inakula, ndipo sukulu ya sekondale ili kutali, kofuna nsapato, makope ndi malo ogona. Ukamuchotsa mtsikanayo ku ukwati osakonza zimenezi, udzakhala ngati wotunga madzi ndi dengu, pakuti mvula isanagwe kawiri adzakhala atabwerera komweko, ndipo nthawi imeneyo adzakubisira. Usaganizenso kuti kusamalira ovutika kunayamba ndi maofesi. Makolo athu anali ndi mwinimbumba woyang'anira ana a alongo ake, ankhoswe oweruza za m'banja, anamkungwi olangiza atsikana, adzukulu osenza maliro, ndi mwambi wakuti mwana wa mnzako ngwako yemwe. Ndipo Inkosi Theresa Kachindamoto ya ku Dedza inathetsa maukwati a ana mazanamazana pogwiritsa ntchito mafumu ake omwe, kuwasainitsa pangano ndi kuwatsitsa pa mpando amene analiswa. Ukalowa m'mudzi uyambe walonjera kwa mfumu, ndipo anamkungwi uwayese anzako a ntchito. Koma ulemu usakutseke pakamwa: pamene abale a mwamuna alanda mbuzi, njinga ndi malata kwa mkazi wamasiye, pamene nkhalamba yatchedwa mfiti chifukwa munda wake ukusiriridwa, pamene mwana wachialubino akugona ndi mantha m'nyumba ya abale ake omwe, pamenepo palibe mwambo woyenera kuugwadira, ndipo ukadzakhala chete udzakhala mmodzi wa olandawo.

Tsono za mndandanda. Ukudziwa kuti bungwe la INAS, limene boma linakhazikitsa mu 1997, limapereka kangachepe kwa okalamba, olumala ndi odwala matenda a mgonagona, ndi kuti kuyambira 2018 munthu wokhala yekha anamuikira mametikali 540 pa mwezi. Ndi ndalama yochepa, ndipo nthawi zina imachedwa, koma kwa gogo wosunga zidzukulu ndiyo mchere, sopo ndi chigayo. Oyenera kulandira amachuluka kuposa malo a pa mndandanda, ndipo chifukwa cha ichi amene amalemba maina amayesedwa tsiku ndi tsiku. Sadzabwera kwa iwe ndi chiphuphu choonekera. Adzabwera ndi nkhuku, ndi mawu okoma, akukutchula kuti dotolo monga amatchulira aliyense wotsiriza yunivesite m'dziko muno, akukukumbutsa kuti anakunyamula uli khanda. Adzabwera a chipani, adzabwera a mpingo, adzabwera a mtundu wako. Ndikukuuziratu pamaso pa Mulungu: ngakhale nditadzabwera ine bambo wako, nditakalamba, kudzakupempha kuti undilembe pamalo pa wina wosauka kundiposa, udzandipatse za m'thumba mwako, koma pa mndandanda wa boma usadzandiikepo.

Chinanso ndi chinsinsi. Ntchito yako idzakulowetsa kuchipinda kumene ngakhale mbale salowa, ndipo udzamva amene ali ndi kachilombo, amene anagwiriridwa ndi wachibale, amene mwana wake si wa mwamuna wa pakhomopo. Zimenezo si ndiwo za macheza, ngakhale kwa mayi ako, ngakhale kwa mwamuna amene udzakwatiwe naye. Akulu anati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzaupeza. Ndipo khalidwe latsopanoli, lojambula mwana wausiwa akulandira thumba la ufa ndi kumuika pa Facebook kuti anthu atame woperekayo, ndimanyansidwa nalo kwambiri. Wosauka watsala ndi nkhope yake yokha, usamulandenso imeneyo.

Maphunziro ako onse adzakhala m'Chipwitikizi, ndipo uchidziwe kufikira malipoti ako azimveka bwino kwa woweruza milandu. Ukaphunzireko ndi Chishangana cha kumeneko, kuti odwala a m'zipatala za Maputo asakuone ngati mlendo. Koma Chichewa ndi Chilomwe usazichite manyazi. Mwana amene wachitidwa choipa sanena kudzera mwa womasulira, makamaka womasulirayo akakhala mnansi wa wolakwayo, ndipo gogo amafotokoza njala yake mozungulira, m'miyambi ndi m'madandaulo a nyengo, kotero kuti wosadziwa chilankhulo amalemba kuti zonse zili bwino.

Sindikukumanga kuti udzabwerere kuno, pakuti boma likhoza kukutumiza ku Niassa, ku Tete kapena ku Cabo Delgado, kumene nkhondo yabalalitsa anthu kuyambira 2017, ndipo kulikonse kuli ana a anthu. Koma usaiwale kuti boma lino la Milange limagona pansi pa phiri. Mu Januwale 1998 napolo anatsika m'phiri la Tumbine nakokolola nyumba ndi anthu ambiri, iwe usanabadwe. Ndipo namondwe Freddy wa mu Malichi 2023 unamuona ndi maso ako, pamene madzi ndi matope sizinafunse kuti uyu ngwa Milange, uyu ngwa Mulanje. Masabata oyamba magalimoto a thandizo amabwera, ojambula amabwera, akuluakulu amalankhula. Ikatha miyezi ingapo onse amapita, ndipo kumatsala mwana amene sagona mvula ikamagwa, bambo amene wayamba kachasu chifukwa sanapeze mtembo wa mkazi wake, ndi mabanja okanganirana malo kumene anawasamutsira. Anthu ophunzitsidwa kukhala ndi otsalawa ndi ochepa kwambiri kuno.

Za moyo wa mumzinda mayi ako akuuza zokwanira, ndipo sindibwereza. Ndingoti malipiro a ntchito imeneyi si aakulu, ndipo ndi bwino uzolowere kukhala ndi zochepa uli pasukulu pomwe. Ntchitoyi imalemetsanso mtima, chifukwa chake upeze anzako awiri kapena atatu okhulupirika, ndi mpingo wopempherako, ndipo tsiku lopuma uzipumadi. Mphunzitsi kapena mkulu wa ofesi akadzakufuna zosayenera posinthana ndi mamalikisi, usadzabise. Udziwitse akuluakulu a sukulu, undidziwitsenso ine.

Zikalata zako zonse, chiphaso cha nzika, cha kubadwa ndi satifiketi ya kalasi 12, ndaziika m'chikwama cha pulasitiki pansi pa zovala. Ukafika ukazijambulitse, zenizenizo uzisunge pawekha. Ndalama ya miyezi iwiri yoyamba ili ndi atsibweni ako, amene akuperekeza mpaka ku Mocuba, ndipo yotsatira ndidzatumiza pa foni tikagulitsa nyemba. Uziimbira mayi ako Lamulungu lililonse madzulo, ndipo agogo ako uziwapatsa moni paokha, chifukwa amadandaula akamva moni wodzera mwa anthu ena. Ambuye akusunge pa njira yonse.

Ndine bambo wako.