Mtsikana wa ku Teen Club

Anzanga, mumandidziwa ndi nkhani za chimanga ndi fetereza, koma Loweruka limodzi pamwezi ndimasiya khasu n'kupita ku Boma kukathandiza ku Teen Club, komwe amakumana achinyamata omwe ali ndi HIV. Anayambitsa ndi a Baylor ku Lilongwe, pano zili m'zipatala zambiri.

Kuli mtsikana wina wa zaka 14, dzina sinditchula. Anabadwa nako kachilomboka. Bambo ake ali ku Joni, ngati abambo ambiri a kuno ku Mzimba, ndiye amakhala ndi agogo ake. Piritsi lake amamwa m'mamawa uliwonse asanapite kusukulu, ndipo ndi iyeyo amene amakumbutsa agogowo za mankhwala awo a BP.

Dzinja, a kabaza akakana matope, amabwera wapansi, nsapato zili m'manja. Mwana watsopano akamalira atangouzidwa kumene, ife akuluakulu mawu amatithera. Iye amangokhala naye pansi, kumuyankhula m'Chitumbuka pang'onopang'ono, mpaka mumva akuseka. Zimenezo ine sindingazithe, aise.

Mwezi watha anandipempha mbewu ya soya, akuti akufuna kamunda kakekake. Ndamusungira theka la ndowa.