Zaka 14 ndikugulitsa usipa, nyanja osaidziwa

Abale anzanga a pamsika, lero mundilole ndiulule manyazi anga. Ndagulitsa usipa mumsika wa Lilongwe zaka 14, koma kufikira Julayi 2024 ndinali ndisanapondeko phazi m'nyanja ya Malawi. Katundu ankandipeza pabenchi, ine ntchito kukangana mtengo basi. Mkulu amene amandiodetsa akati, "Achimwene, kunyanja kuli mwera, thumba lakwera," ine ndinkamuyankha kuti, "Mwera wanuwo sutopa? Chaka chilichonse nyimbo yomweyo!" Mapeto ake tinayambana, moni anatha, ndalama yake ya thumba limodzi n'kuigwira dala.

Ganizo la ulendo linachokera kwa mayi wina wa tomato amene benchi lake layandikana ndi langa. Ati, "Alongo, tidzafa tikuwerenga chenji. Tiyeni tikaone kumene kumachokera fungo limene mumatinunkhitsa nalo pano." Tinaseka, koma nkhani inamera mizu. Mnzathu wa kaunjika anabwereka kagalimoto kwa mlamu wake, wa nyemba naye anati satsala. Tonse anayi tinasonkha za mafuta. Inu mukudziwa kuti kutseka benchi masiku awiri si masewera, ndi ndiwo za ana zimenezo. Komabe tinatseka.

Tinanyamuka m'bandakucha kutsata msewu wa M14. Pa Chezi mayi wa tomato anatiimitsa kuti angoona chabe. Kuona kwake kunatenga theka la ola, akunenerera mtengo wa tomato amene sankafuna n'kugula komwe. Wamalonda sapita kutchuthi, eti! Titadutsa Mvera, kumene amishoni a Dutch Reformed anakhazikitsa mishoni yawo mu 1889, msewu unayamba kutsetsereka. Majuzi tinavula, mitengo ya malambe inayamba kuoneka, anyamata a mbewa zapamtengo akutikupizira manja m'mbali mwa msewu.

Pa Senga Bay ndinatsika galimoto n'kungoti kakasi. Madzi mpaka kumene maso alekezera! Chaka chimenecho nyanja inali itadzaza kwambiri, mwakuti malo ena ogona alendo madzi anali atawalowerera. Wa kaunjika anandifunsa kuti, "Amwene, mwaiwala chenji kodi?" Sindinamuyankhe.

Kuchoka apo tinabwerera ku Salima n'kulowa msewu wa M5 kulunjika kumpoto. Pa mlatho wa Chia, pamene madzi a Chia amalumikizana ndi nyanja, ogulitsa nsomba anatizinga ngati njuchi. Madzulo tinafika ku Nkhotakota n'kukaima pansi pa mkuyu umene David Livingstone anakumanirapo ndi Jumbe m'zaka za m'ma 1860, kumupempha kuti aleke malonda a akapolo. Jumbe sanamve, anthu anapitirira kuolotsedwa nyanja kupita kumisika ya kugombe la kum'mawa. Ife amalonda tinangoti zii. Ndiye kuti nawonso ankadzuka m'mawa n'kumati akupita ku bizinesi?

Koma chimene ndalembera nkhaniyi chinachitika mawa lake pobwerera. Tinapatuka pakamsewu kafumbi kupita kugombe lina la asodzi. Tisanaone madzi tinakumana ndi milu ya mchenga, yoyera ngati ufa, ina yotalika kuposa munthu. Tinavula nsapato n'kuyamba kukwera. Ukaponda kawiri, wabwerera kamodzi. Wa nyemba, ndi thupi lake lija, anagubuduka mpaka pansi, ife kuseka mpaka misozi. Anthu akuluakulu, ena a zidzukulu, kusewera pamchenga ngati ana a sukulu!

Nditafika pamwamba kuseka kunatha. Mphepo inkachokera kum'mwera, mchenga ukundibaya m'miyendo ngati singano. Nyanja imene dzulo lake inkaoneka yofatsa inali itasanduka yakuda, mafunde akuswa thovu. Mabwato ndi maboti onse anali atakokeredwa kumtunda. Mathandala oyanikapo usipa anali mbee, opanda ngakhale kamodzi koti mphaka anunkhize.

Pansi pa mulu panali bambo wina wachikulire akusoka ukonde. Ndinamulonjera n'kumufunsa kuti, "Bambo, nsomba zili kuti?" Anandiloza nyanja ndi chibwano. Kenako anandifotokozera mwachifatse. Usipa amapha usiku ndi ukonde wa chilimira. Siginala amakhala m'bwato ndi nyali kuti usipa usonkhane pa kuwalako, anzake n'kuuzinga. Mwezi ukawala kwambiri nyali sizikoka kanthu, usipa umasowa. Mwera ukabwera, makamaka kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, amene amakonda moyo wake salowa m'madzi. Tsikulo linali lachisanu asanalowe, koma alovi ayenera kudya, mwini boti ali ndi ngongole ya mafuta.

"Milu mwakwerayi ndani anaiunjika?" anandifunsa. Ndinati sindikudziwa. Ati, "Ndi mphepo yomweyi. Mafunde amalavula mchenga, ukauma mphepo imaunyamula n'kuutula pamene pali udzu. Inu a m'tauni mumati mwera ndi bodza lathu. Nanga bodza lingamange phiri?"

Ndinachita manyazi, abale. Sindinamuuze kuti mmodzi wa a m'tauniwo ndine. Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Ine ndinadya phula zaka 14, ndikumunena wakuba munthu amene ankandiuza zoona.

Tinafika ku Lilongwe usiku, m'matumba muli mchenga m'malo mwa ndalama. M'mawa mwake ndisanayale katundu ndinapita kukamufuna wondiodetsa uja. Ndinamupatsa ndalama yake ya thumba lija n'kunena kuti, "Achimwene, mwera ndauona." Anaiwerenga kawiri, n'kuseka. Ati, "Ndiye mwayamba bizinesi lero."

Sindikuti tileke kunenerera mtengo, ayi. Ochenjera amene amabisala kumbuyo kwa mwera alipo ndithu, ndipo ine ndimanenererabe. Koma masiku ano ndisanatsegule pakamwa ndimayamba ndayang'ana mwezi kumwamba ndi kumva kumene mphepo ikuchokera. Kasitomala akadandaula kuti mulu wa usipa wachepa, ndimamufotokozera ngati munthu amene anaonako.

Mayi wa tomato wayamba kale kusonkhetsa za ulendo wina. Ati ulendo uno tikaone minda ya tomato ku Ntcheu, kuti nafenso tileke kumunena kuti amaba.