Boti la pa Chisi, ndalama za ku Joni

Kuchokera mu mzinda wa Zomba kukafika padoko la Kachulu ndi makilomita pafupifupi 30, ndipo mphuno ndi imene imayamba kudziwa kuti wafika. Fungo la matemba limakulandira usanaone madzi. Padokopo maboti a matabwa andandalika m'ngalande yodutsa pakati pa njedza, ndipo chilumba cha Chisi, m'dera la mfumu yaikulu Mkumbira, chimaoneka patsogolo ndi mapiri ake. Tinakwera pamodzi ndi matumba a ufa, njinga ndi makireti a zakumwa. Mnyamata anayamba wakankha ndi nsungwi yaitali, injini n'kuiliza titatuluka m'njedza.

Nyanja ya Chilwa ilibe mtsinje wotulutsa madzi. Domasi, Likangala, Thondwe ndi Phalombe imathiramo, koma wochotsa ndi dzuwa lokha. N'chifukwa chake madzi ake ndi amcheremchere, osaya, ndipo mvula ikavuta zaka zotsatana nyanja imaphwa. Inaphwa mu 1968, mu 1995, ndipo mu 2018 maboti ambirimbiri anakhala pa matope ong'aluka pa Kachulu pomwepa. Boti limene ndinapita kukaona ndi limodzi mwa amenewo.

Mwana wa mwini wake wakale ali ku Johannesburg. Bambo ake atamwalira, iye anatsegula gulu la WhatsApp n'kupempha ana a pa Chisi amene ali ku Joni, ku Cape Town, ku Blantyre ndi ku Lilongwe kuti asonkhe, botilo likonzedwe, liziwolotsa odwala ndi amayi oyembekezera amene atumizidwa ku chipatala chachikulu cha Zomba. Ndalama zimabwera pa Mukuru, kenako n'kuyenda pa Airtel Money kapena Mpamba. Ine anangondipempha kuti ndikakhale maso ake.

Ndinalipeza litavundikiridwa pa miyala pansi pa mtengo wa mango, pafupi ndi mathandala oyanikapo matemba. Kwa ine linkaoneka lamoyo ndithu. Mmisiri, bambo wachikulire wosakonda zolankhulalankhula, anatenga tchizulo n'kubaya thabwa lina pafupi ndi msana wa boti. Chinalowa ngati m'mbatata yophika. Boti la matabwa, anatero, limafa msanga pamtunda kuposa m'madzi. Likakhala padzuwa miyezi yambiri matabwa amanyala, mipata imatseguka, thonje ndi phula zomatira zimagwa, misomali imachita dzimbiri n'kuwoletsa mtengo wozungulira. Kunja penti imabisa zonse. Anandilowetsa pansi pake kuti ndione nthiti, ndipo zingapo zinali zitathetheka pamene zimakumana ndi msana.

Tinakwera kachitunda kofunafuna netiweki kuti tiimbe foni ya vidiyo. Wa ku Joni anali pa nthawi yopuma, atavala zakuntchito.

"Amalume, nanga penti ija simunapakebe? Anthu pagulu akufunsa."

"Penti idikire, mphwanga. Tiyambe nthiti."

"Koma nthiti sizioneka pachithunzi, amalume."

Anaseka onse, koma nkhani yonse yagona pamenepo. Wosonkha ali kutali amafuna kuona chimene ndalama yake yachita, ndipo chooneka pafoni ndi utoto wabuluu ndi dzina lolembedwa m'mbali. Ntchito yeniyeni ili mumdima, pansi pa boti. Sindimunena mnyamatayo. Amene ali kunja amvapo zambiri za anzawo amene anatumiza ndalama za nyumba zaka ndi zaka n'kukapeza maziko okha, udzu utamera. Akamafunsa malisiti si mwano. Kungoti wocheka matabwa kumudzi alibe lisiti, ndipo wopalasa bwato amene wawolotsa misomali sadinda chidindo.

Anapeza njira yawo. Msungichuma ndi mayi wina wogulitsa nsomba, wozolowera mabuku a banki m'khonde. Chilichonse chogulidwa amachilemba m'kope, amawerenga pamaso pa anyakwawa ndi mmisiri, kenako amajambula tsambalo n'kutumiza pagulu. Ndinaliona kopelo: misomali, phula, thonje, tiyi wa anyamata onyamula matabwa, zonse zilimo. Ndikuganiza kuti popanda mayiyu gululo likadapasuka kale.

Pa matabwa ndiye panakula mkangano. Kale amisiri a maboti ankatama mkungudza wa ku Mulanje chifukwa suwola msanga, koma mtengowo watsala pang'ono kutheratu ndipo kuudula n'koletsedwa. Mlombwa ulipo apo ndi apo, mtengo wake wolasa. Paini wa ku Zomba ndi wotsika mtengo koma sakhalitsa m'madzi. A kunja ankawerengera mtengo wa lero, mmisiri ankawerengera zaka. Mkanganowo uli mkati, mu Novembala 2023 kwacha inagwa ndi 44 peresenti. Ku Joni ena anaganiza kuti randi yawo tsopano igula zambiri, koma misomali, penti ndi phula zinakwera nthawi yomweyo, ndipo bajeti yoyamba inangosanduka pepala. Anasonkhanso. Ena anatuluka pagulu mwakachetechete.

Madzulo ndinayenda m'mbali mwa chilumba. Malambe, minda ya m'mphepete mwa phiri, ana akutunga madzi. Kutali m'njedza kunkaoneka utsi wa m'zimbowera, timisasa toyandama mmene asodzi amakhala masabata ambiri akupha mlamba ndi makumba. Chidutsireni namondwe Freddy mu Malichi 2023 madzi anabwerera ndi mphamvu, ndipo wina aliyense wa boti ali ndi ntchito. Palibe amene amatchula zoti nyanja idzaphwanso, ngakhale onse akudziwa.

Gogo wina amene ankasoka ukonde anandifunsa funso limene pagulu sanaliyankhebe: "Likatha botili, ndi la yani?" Ena anasonkha chifukwa cha odwala, ena akuyembekeza kagawo pa ndalama za okwera. Mwana akuti ndi la bambo ake. Koma kuno mbumba ili ndi mwini, ndipo akuchikazi kwa malemuwo sanalankhulebe. Mafuta a injini adzagula ndani usiku umene mayi wadwala? Wa ku Joni akuti adzakambirana akadzabwera pa Khirisimasi. Gogoyo anangoti zokambirana zikadayamba thabwa loyamba lisanakhomedwe.

Mmisiri iye nkhawa yake ndi ina. Akamaliza kumata, botilo adzaliika m'madzi n'kulisiya lidzaze masiku angapo kuti matabwa afufume, mipata itsekeke yokha, ndiyeno adzakape n'kuona podontha. Anandigwira mkono pondiperekeza kudoko.

"Tsiku limenelo, achimwene, muwauze anyamata asajambule. A ku Joni akaliona lili m'madzi mpaka m'khosi, adzati ndalama zawo tamiza."