Kamakina Kopanda Phokoso

Ku Matero kuli kalaliki wina wa boma amene mlongo wace wa ku Chipata anamtumizira mwana kuti amsunge. Mnyamatayo anatsiriza Giredi 12 nakhoza ndithu, koma nchito inasowa monga isowera anzace ambiri. Atakhala caka ali manja lende, anadza kwa amalume ace madzulo ena nakhala pansi mwaulemu.

"Amalume," anatero, "ndibwerekeniko ndarama ndigule makina a masewero a pa kanema. Ndidzaika m'kacipinda ka kuseri, ndipo anyamata adzalipira kuti amenye mpira wa FIFA."

Kalaliki uja sanayankhe msanga, pakuti ndarama zimene anali nazo anasungira malata a nyumba ya amai ace. Komanso iye ndiye nkhoswe, ndipo mwana wa mlongo akasokera m'tauni mlandu ugwera malume. Tsono anati, "Iwe, kaone mitundu yace ndi mitengo yace, udzandiuze Loweruka."

Mnyamata anabwera ndi mitundu itatu. Woyamba unali PlayStation 4 wamkuru wa 2013, wogwirapo kale nchito, ndipo ndiwo unali wochipa koposa. Waciwiri unali mng'ono wace wochedwa Slim, amene a Sony anaturutsa mu September 2016, wocepa thupi ndi wofatsa mau. Wacitatu unali Xbox Series S wa November 2020, kanthu koyera kokongola, kamene mtengo wace poturuka unali madola 299 pamene mkuru wace Series X anali madola 499. Mtima wa mnyamata unali pa kacitatuka, monga acitira anyamata ndi cinthu catsopano.

Kalaliki anakumbuka agogo ace. Iwo anali ndi wailesi ija ya Saucepan Special, imene inafika m'dziko muno mu 1949 mwa khama la Harry Franklin, mkuru wa zofalitsa nkhani, nipangidwa ndi kampani ya Ever Ready. Inali yozungulira ngati sefuliya, yopakidwa utoto wobiriwira ngati thambo, ndipo mtengo wace unali mapaundi 5. Koma batire lace linali masheleni 25, ndipo likatha wailesi inakhala cete pa thebulo, osamvekanso Alick Nkhata, kufikira kutha kwa mwezi. Agogo aja ankadandaula za batire, osati za wailesi ai. Cifukwa ca ici mdzukulu wao sanafunse mtengo wogulira wokha, koma anafunsa cimene makinawo adzadya tsiku ndi tsiku.

Pa funso limeneli kanthu koyera kaja kanagwa. Series S alibe poikira cimbale. Sewero liri lonse liyenera kugulidwa ndi kukokedwa pa intaneti, ndipo sewero limodzi la mpira likhala la magigabaiti makumi angapo. Munthu wogula intaneti ya pa foni pang'onopang'ono adziwa yekha kuti zimenezi zitanthauza ciani. Ndiponso sewero logula motero sungathe kuligulitsanso kapena kusinthana ndi mnzako, pamene cimbale ciyenda m'manja mwa anthu asanu cisanathe. Mnyamata anakana poyamba, koma atawerengera yekha pa pepala anangoti, "Mwanena zoona, amalume."

Tsono panatsala awiri, wamkuru ndi wamng'ono, ndipo masewero ao ndi amodzimodzi. Wamng'ono saonetsa cithunzi coposa ca wamkuru. Nanga munthu aonjezerenji ndarama? Mnyamata anati cifukwa ca phokoso, pakuti wamkuru akatentha alira ngati cigayo. Apa kalaliki anaseka. Iye anaonapo anyamata khumi ali m'kacipinda, wina atatenga Arsenal wina Manchester United, ndipo adziwa kuti pakalowa cigoli ngakhale cigayo ceniceni sicimveka. Kugula makina ofatsa kuti apatse mtendere anansi kuli ngati kufunda m'mutu miyendo iri pa mphepo.

Koma phokosolo liri ndi cimene linena. Cimene cilira ndico cipupizira ca m'kati, cimene cicotsa kutentha. Makina amene adya magetsi ambiri atentha kwambiri, ndipo cipupizira cithamanga kwambiri, nicikoka fumbi lambiri. Amene anakhalako ku Matero mu August ndi September adziwa fumbi lace, ndipo mu October denga la malata litentha ngati ciwaya. Makina a m'nyumba ya munthu agwira maora awiri napuma. A malonda agwira tsiku lonse. Pa cikalata ca opanga, wamkuru woyamba uja afika mawati 250, wamng'ono mawati 165 okha.

Manambala awiriwa ndiwo anadula mlandu, pakuti cimeneco cinali caka ca 2024. Mvula inakana, madzi a m'nyanja ya Kariba anaphwa, ndipo m'Lusaka magetsi ankazima maora ambiri pa tsiku kuposa amene ankayaka. Wocita malonda otere anayenera kukhala ndi sola ndi batire, ndipo pa batire limodzi lomwelo wamng'ono atha kuseweretsa anyamata nthawi yaitali wamkuru atazima kale. Ora liri lonse loonjezerapo ndilo ndarama za kubweza ngongole.

Tsiku logula kalaliki anapita nao. Wogulitsa anayatsa makina nati, "Mverani, bwana, ali zii." Koma kalaliki anadziwa kuti makina ongoyatsa kumene salira, ndiponso kuti cipupizira cakufa ciri cete koposa zonse. Anapempha mpando, nauza mnyamata kuti asewere ora lathunthu, iye ataika dzanja kumbuyo kwace kuti amve ngati mphepo yofunda irikuturuka. Oyambawo anazima okha patapita kanthawi. Aciwiri anapirira, ndipo ndiwo anagula, pamodzi ndi zogwirira ziwiri ndi cimbale cimodzi ca mpira.

Anapangana kuti mnyamata azibweza ndarama pakutha pa mwezi uli wonse, ndi kuti mwana wobvala yunifomu asalowemo nthawi ya sukulu. Makinawo anawaika pa thabwa lokwezeka, kutali ndi khoma, ndipo usiku awapfunda nsaru. Malata a ku Chipata anayembekeza kufikira dzinja linalo.