Bambo Levassor ndi galimoto nambala 5

Kale anthu a ku France ankayenda maulendo ataliatali pa sitima ya pamtunda kapena pa ngolo zokokedwa ndi akavalo. Magalimoto oyamba atayamba kuoneka m'misewu, ambiri ankawaseka. Ankati ndi zidole za anthu olemera, zongofa panjira. Kodi galimoto ingamufikitse munthu kutali ndi kumubweza kwawo ali bwino?

Pofuna kuyankha funso limeneli, m'caka ca 1895 kunakonzedwa mpikisano. Magalimoto anayenera kucoka mumzinda wa Paris, kukafika ku Bordeaux, ndi kubwereranso. Ulendo wonse unali wa makilomita 1178. Magalimotowo sanali ngati a mpikisano a masiku ano. Anali a maulendo wamba, ooneka ngati ngolo zopanda kavalo. Ambiri ankayendera petulo, amene ena amati gazolina. Ena ankayendera nthunzi ya madzi owira, ndipo panali inanso ya magetsi.

Mmodzi wa opikisanawo anali Bambo Émile Levassor, a zaka 52. Iwo ndi anzawo, Bambo René Panhard, anali ndi fakitale yopanga magalimoto. Galimoto yawo inalembedwa nambala 5. Inali ndi malo a anthu awiri okha. Inalibe denga, inalibenso ciwongolero cozungulira. Poikhotetsa ankakankha ndodo yacitsulo. Matayala ake anali a mphira wolimba, opanda mpweya, motero thupi linkamva mwala uliwonse wa mumsewu.

Ananyamuka pa 11 Juni, ali ndi makaniko wawo. Usiku ankadalira nyale zowala pang'ono. Anali atapangana kuti m'tauni ya Ruffec dalaivala wina adzawalandira. Koma anafika usiku, nthawi isanakwane, ndipo munthuyo anali m'tulo. Bambo Levassor sanadikire. Anapitirira mpaka ku Bordeaux, natembenuka, ndipo pobwerera anayendetsabe okha.

Pa 13 Juni anafika ku Paris, atakhala panjira pafupifupi maola 49. Tikawerengera, ankayenda makilomita 24 pa ola limodzi. Lero munthu wamphamvu pa njinga angathe liwiro limeneli. Galimoto yaciwiri inafika patapita pafupifupi maola 6.

Ngakhale zinali conco, mphoto yoyamba sanalandire. Lamulo linkati galimoto yopambana ikhale ndi malo a anthu anayi. Mphotoyo inapita kwa Bambo Paul Koechlin, amene anafika pa galimoto ya Peugeot patapita maola 11. Ena anganene kuti Bambo Levassor anawalakwira. Koma lamulolo likuonetsa cimene okonza mpikisano ankafuna. Sankafuna liwiro lokha. Ankafuna galimoto yoti n'kunyamula banja paulendo.

Mpikisanowo unaphunzitsa anthu zinthu zingapo. Magalimoto oposa 20 ananyamuka, koma amene anamaliza anali 9 okha. Mwa amenewa, 8 anali a petulo ndipo imodzi inali ya nthunzi. Ya magetsi sinamalize. Opanga magalimoto anaona kuti pa maulendo aatali petulo ndiye wodalirika.

Ciphunzitso cina cinali ca matayala. Abale awiri, André ndi Édouard Michelin, anabwera ndi galimoto ya matayala a mpweya. Matayalawo ankaphulika kawirikawiri, ndipo anafika nthawi yoikika itatha. Komabe anaonetsa kuti galimoto ingayende pa mpweya. Patapita zaka zocepa, matayala otere anafala.

Kapangidwe ka galimoto nambala 5 nakonso kanakhala citsanzo. Opanga ena ankaika injini pansi pa mpando kapena kumbuyo. Bambo Levassor anaiika kutsogolo. Pambuyo pa injini panali magiya, ndipo unyolo wonga wa njinga unkazunguza mawilo a kumbuyo. Unyolowo unasiyidwa pambuyo pake, koma malole ambiri amatsatirabe dongosolo limeneli: injini kutsogolo, magiya pakati, mphamvu ku mawilo a kumbuyo.

Mipikisano imeneyi inali yoopsa, cifukwa inkacitika m'misewu ya anthu onse. M'caka ca 1896, pa mpikisano wopita ku Marseille, Bambo Levassor anacita ngozi polewa galu ndipo anavulala kwambiri. Anamwalira m'mwezi wa Epulo 1897. M'caka ca 1907 anawamangira cipilala ca cikumbutso pa Porte Maillot, ku Paris. Pa mwalawo anawasema atawerama m'galimoto yawo, anthu akuwacemerera m'mbali mwa msewu.