Nyenyezi Yobisala Kumwera kwa Namiwawa

Usiku misewu ya ku Namiwawa imatsala m'manja mwa alonda. Mukangochoka m'tauni phokoso la maminibasi limazilala, ndipo pamageti mumapeza azibambo m'zijasi, akuwotha mbaula. Phiri la Michiru limangoti bii, pamene la Ndirande magetsi amachita kulizinga m'munsi monse. Ndinadutsa m'menemo mu Epulo, mvula itakata, popita kwa aphunzitsi ena opuma ntchito amene ali ndi telesikopu.

Anali ataiimika kuseri kwa nyumba, pafupi ndi mtengo wa mapeyala, kuti mpanda utchinge babu la anansi. Anailozetsa kumwera, m'gulu la nyenyezi lotchedwa Vela.

"Musafulumire. Maso ayambe azolowera mdima."

Patapita kanthawi ndinakaona: kautsi kotuwa, kozungulira, kanyenyezi kali ngwee pakati. Dzina lake ndi NGC 3132, mpweya umene nyenyezi yokalamba inautaya pomwe inkatha mphamvu. Kuwala kwake kwayenda zaka pafupifupi 2,000 kuti kudzafike pabwalo limenelo.

"Ndiye mwini utsiwu ndi ameneyu, Aphunzitsi?"

"Ayi ndithu. Ameneyo ndi mnzake chabe."

Apa m'pamene panandigwira mtima. Nyenyezi imene inataya mpweyawo ili pambali penipeni pa yowalayo, koma telesikopu yathu singaione. Chimene chinatsala ndi phata lake lokha, lotentha koopsa koma laling'ono ngati dziko lathuli, ndipo kuwala kwa mnzakeyo kumaliphimba. Nawonso mpweya wa dziko lino sukhazikika, umagwedeza chithunzi mpaka timadontho tiwiri n'kusanduka kamodzi. N'chifukwa chake akatswiri amadalira kwambiri makina okhala kunja kwa mpweyawu. Mu 1998 chithunzi cha telesikopu ya Hubble chinazionetsa nyenyezi ziwirizo padera. Kenako pa 12 Julaye 2022 kunatuluka cha telesikopu ya James Webb, yomwe ili pamtunda wa makilomita pafupifupi 1.5 miliyoni kuchokera padziko lino ndipo imaona kuwala kwa infrared kumene diso la munthu silikuona. M'chithunzicho kanyenyezi kobisalako kanaoneka kofiira, katakutidwa ndi fumbi.

Aphunzitsi ananditsegulira chithunzicho pafoni, atatchinga ndi dzanja kuti chisatithobwe m'maso. Anati Dzuwa lathu nalonso lidzatha chonchi pakapita zaka pafupifupi 5 biliyoni, ndipo n'chifukwa chake safuna kuti ana amene amabwera kudzasuzumira azipita kwawo ataloza nyenyezi yolakwika.