Pamene Pamathera Inki Yanga Yofiira

Ntchito yanga ndi yokonza Chingerezi cha anthu ena. Amandibweretsera makalata ofunsira ntchito, malipoti a mabungwe, maminitsi a misonkhano ya kumpingo ndi makalata opempha thandizo. Zida zake n'zochepa: cholembera chofiira, lula ndi dikishonale. Lulayo ndimaiika pansi pa mzere umene ndikuwerenga, chifukwa diso likathamangira kutsogolo limawerenga zimene wolemba amafuna kunena, osati zimene walemba.

Masipelo ambiri masiku ano kompyuta imawagwira yokha. Inki yanga imathera pa mneni.

Ndikafika pa chiganizo, ndimayamba ndapeza mwininkhani. Ife olankhula Chichewa mgwirizano wa mawu tinachita kuyamwira, ndipo ngakhale mwana sanganene kuti "chimanga zapsa". Kungoti kwathu mgwirizanowo umamveka kuyambira koyamba mpaka kumapeto kwa chiganizo, pomwe m'Chingerezi nthawi zambiri umabisala m'kachilembo kamodzi, s. Kakakhala pa dzina kamasonyeza zambiri, kakakhala pa mneni kamasonyeza chimodzi: "the boy walks", koma "the boys walk".

Zimavuta kwambiri pakalowa mawu ena pakati. Mlembi wa komiti amalemba "The list of members are attached" poti khutu lamva "members" pafupi. Ine ndimaphimba "of members" ndi chala, n'kumuuza awerenge zotsalazo. Akangofika pa "The list are", amagwira pakamwa, n'kutchula yekha "is". Palinso mawu ena oti ungowaloweza pamtima. "A number of farmers" amafuna "have", pomwe "the number of farmers" amafuna "has". "News" ali ndi s koma ndi chimodzi, "police" alibe koma ndi ambiri. Ulemu wathunso kumeneko sugwira ntchito: ngakhale atakhala a mfumu, mneni wawo ndi "is" basi.

Ziganizo za "if" ndiye zimandidyera nthawi. Ife timati "ndikadakhala ndi ndalama ndikadagula njinga", "kada" mbali zonse ziwiri. Munthu akamalemba Chingerezi amatengera zomwezo, n'kulemba "If I would have money, I would buy a bicycle". M'kalata ya ku ofesi "would" woyambayo sayenera kukhalapo. Kumuchotsa n'kosavuta, koma choika m'malo mwake sindingachidziwe ndisanamve kwa mwini nkhani.

Choncho, kalata ikakhala yokhudza ndalama zokumbira mjigo, ndimafunsa: "Bambo, ndalamazi mukuziyembekezera, mukungozilakalaka, kapena mwayi wake unapita kale?" Akati akuziyembekezera, timalemba "If we get funds, we will drill a borehole". Akati n'zongolakalaka, zimakhala "If we got funds, we would drill". Akati zinakanika kale, ndiye "If we had got funds, we would have drilled". Chingerezi chimabwezera mneni m'mbuyo pofuna kusonyeza kuti chinthucho chatalikira kutheka. N'chifukwa chake komiti ya m'mudzi ikalembera opereka thandizo ndi "got" ndi "would", kalata imamveka yofooka, ngati eni akewo ataya kale mtima pa mjigowo.

Za "If I were" anthu amakangana nazo kwambiri. "Were" ameneyu ndi wotsalira wa Chingerezi chakale, wa zinthu zongoyerekeza. Poyankhula, eni chinenero ambiri amangoti "If I was", ndipo ine ndimasintha m'makalata a ku ofesi mokha. Koma "If he was at the meeting, he heard it" sindimukhudza, chifukwa mwina munthuyo kumsonkhanoko analikodi.

Mwini kalata akakhala kuti palibe, ziganizo zoterezi sindizilotera. Ndimaika chizindikiro cha funso m'mphepete mwa tsamba, n'kumuimbira foni. Ena amadandaula kuti ndikuwachedwetsa, amvekere "inu ingokonzani". Ndimawauza kuti s wosowa ndingamubwezere ndekha, koma zoti mjigo ukumbidwa kapena sukumbidwa, akudziwa ndi iwo.